Chaka Chimene Ndinagwira Khutu

Fungo la mango owola pansi mvula itangokata limandibweza pansi pa mtengo umodzi, kuseri kwa msika wa Kamwendo, kumene ndinakulira. Dera lathu linali laling'ono, la nyumba za njerwa zootcha ndi malata adzimbiri. Anthu analitcha kuti ku Penshoni, chifukwa pafupifupi nyumba iliyonse munali munthu wopuma pa ntchito. Ana awo anali ku Lilongwe, ku Chipata, ena ku Joni. Masana kunkangoti zii, kumangomveka mawailesi ndi anthu akutsokomola.

Ine ndi mayi anga tinabwerako kudzachita lendi. Mayi ankapita kuboda kukapikula zitenje, choncho ankandisiya kwa aNajere, a nyumba yoyandikana nafe. ANajere anakalambira pa ntchito yophikira ana pa sukulu yogonera komweko, ndipo dzanja lawo linazolowera mchere wa m'mapoto akuluakulu. Ukadya ndiwo zawo unkaswera kusaka madzi. Kukalipa nakonso ankakalipa, mpaka nkhuku za eni zinkalambalala pakhomo pawo. Koma ine ndinkawakonda, ndipo ndinkagona masana pamphasa pawo mutu uli pamwendo wawo wonunkhira utsi ndi sopo.

Kamodzi pa mwezi kunkabwera sikelo ya ana. Alangizi a zaumoyo, amene tonse tinkangowatcha adokotala, ankafika pa njinga n'kumangirira sikeloyo panthambi ya mtengo wa mango uja. Ankatilowetsa m'kakabudula ka nsalu ka zingwe, n'kutipachika kuti aone kumene muvi waloza. Tsiku limenelo aNajere ankandikhula mpaka khungu kuwawa, kundidzoza mafuta, n'kundibereka ngakhale mapazi anga ankawagunda kuseri kwa mawondo. Wina akaseka ankamuyankha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pambuyo pathu pankabwera mdipiti wa nkhalamba, ena ndi ndodo, ena atanyamula timipando. Ine ndinkanyada, poyesa kuti onsewo akudzaonerera ine.

Chimene ankatsata chinali china. M'chikwama cha adokotala munkakhala makina oyezera kuthamanga kwa magazi, amene onse ankangoti bipi. Anali a amayi oyembekezera, koma ku Penshoni woyembekezera akanachokera kuti? Ndiye akamaliza ndi anafe, adokotala ankakulunga mikono ya okalamba mmodzimmodzi, n'kupereka mapiritsi amene anawatengera kuchipatala, komwe kunali kutali kwa munthu woyenda ndi ndodo. ANajere ankadzudzulidwa za mchere mwezi uliwonse, ndipo mwezi uliwonse ankalonjeza kuti asiya.

Ana tinali ochepa kuyambira kale, ndipo tinkangocheperachepera. Dzinja lina banja la mapasa linasamukira kutsidya kwa dambo, ku mapuloti atsopano, kumene mabanja achinyamata ankamanga ndipo chingwe chilichonse chinali ndi matewera. Ndinatsala ndekha. Sindinadandaule, chifukwa ndinali ndi ntchito yangayanga. Mayi anali atandiuza kuti mwana amalowa sukulu akatha kudutsitsa mkono pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Ndinkayeserera kuseri kwa khitchini tsiku ndi tsiku, khosi litapindika, mpaka chala chinayamba kukhudza nsonga ya khutu.

Sikelo yoyamba Khirisimasi itapita, adokotala anandipachika ndipo zala za kumapazi zinagunda pansi. Anayang'ana aNajere mwaulemu.

"Agogo, mwanayu wakwana zaka zisanu. Akuluakulu anga sangandilole kupalasa njinga kubwera kuno kopanda mwana, pomwe kutsidyaku ana akuchita kupondana."

"Wakwana liti?" anatero aNajere. "Ameneyu n'kutalika chabe, adokotala, mtundu wa kwa bambo ake. Taonani nkhopeyo, khanda lenileni."

Mawu akuti khanda anandilasa. Ndinavula kakabudula kaja, ndinaima pakati pa anthu, n'kudutsitsa mkono pamutu. "Onani, agogo, ndagwira!" Ndinadikira kuti andiombere m'manja. Palibe anaomba. Adokotala anayamba kuseka koma anasiyira panjira, kenako anakwera pa mpando n'kumasula chingwe panthambi. Tsiku limenelo anayeza aliyense mosafulumira, n'kuwauza kuti akamabwera kutsidya sadzabweza munthu.

Koma pakati pa ife ndi tsidyalo panali dambo, ndipo mvula ya chaka chimenecho sinkapuma. Anyamata ankawoloka atapinda mabuluku, njinga zili paphewa. ANajere anayesa kamodzi, ine ndikuwaonerera pamtunda. Madzi atafika m'mawondo, mwendo unamira m'matope ndipo ndodo inawapulumuka. Anabwerera akutukwana dambolo ngati munthu. Mapiritsi sankaperekedwa kwa munthu wosayezedwa, ndiye awo atatha anati adikira kuti madzi aphwe. Madzulo ankamanga mutu ndi duku mothina, n'kundiuza kuti ndisamasokose.

Ine ndinali nditapeza kale wolakwa. Sikelo inathawa chifukwa ndinakula, choncho ndikachepa ibwerera. Ndinayamba kusiya chakudya m'mbale, ndi kuyenda nditapinda mawondo ndikamadutsa pakhomo pa okalamba. Khutu sindinaligwirenso. Mayi anayesa kuti ndi njoka za m'mimba, n'kundimwetsa mankhwala owawa pachabe.

Nthawi ya mondokwa itangoyamba, aNajere anagwa m'munda mwawo mwa mtedza. Abambo ena anawanyamula mpaka kumsewu. Atatuluka m'chipatala, mbali imodzi ya thupi inali itafa ndipo pakamwa panali patapotoka. Mwana wawo wamwamuna anabwera ndi galimoto kuchokera ku Lilongwe kudzawatenga. Ndinabisala kuseri kwa mayi, koma aNajere anandiona ali kale pampando wa m'galimoto, n'kundikodola ndi dzanja lamoyo lija. Nditayandikira anagwira mkono wanga, anaudutsitsa pamutu panga, n'kukanikiza zala zanga pakhutu. Mawu ankatuluka molemera.

"Uzidya, iwe. Ukapite kusukulu."

Sindinawaonenso. Uthenga wa maliro awo unafika ndili kale pasukulu, ndipo ndinalira kwambiri kuposa mmene mayi ankayembekezera.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti mkono wangawu ndi umene unamasula chingwe panthambi paja. Tsopano ndikudziwa kuti tsiku langa lobadwa adokotala ankalidziwa kale, ndiponso kuti amene anasamutsa sikelo sanalakwe kuwerenga: ana analidi kutsidya. Chimene chimandiwawabe n'chakuti funso linali limodzi lokha, lakuti kuno kuli ana angati. Dera lodzaza ndi okalamba linkaoneka ngati lopanda anthu, ndipo thanzi la onsewo linali litapachikika pa kamtsikana kamodzi kofunitsitsa kukula.

Mayi anga sanasamuke ku Penshoni, ndipo lero nawonso akuyenda ndi ndodo. Mtengo wa mango ulipobe, ndi chipsera cha chingwe panthambi. Ndikapita kukawaona ndi mwana wanga wamng'ono, okalamba amatuluka m'nyumba kudzamulandira, kumusisita masaya ndi kumuyesa kulemera m'manja. Ndipo nthawi zonse pamapezeka wina wondifunsa motsitsa mawu kuti mwanayu ali ndi zaka zingati, ndiponso ngati tabwera kudzakhala.