Chingwe cha Mfundo Khumi ndi Ziwiri

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa zaka ziwiri tsopano, ndipo chandilemera. Ndinamukana mwana wanga pamaso pa akulu a mpingo. Anandifunsa ngati ndinkadziwa kumene ankapita tsiku la Sabata, ine ndinati sindinkadziwa. Chonsecho womutuma ndinali ine, ndipo mbatata yoti azikadya kumeneko ndinkamumangira ndi manja angawa.

Ndiyambe bwinobwino kuti mumve mutu wake. Ndine mphunzitsi wa ana aang'ono pa sukulu ya mishoni yomwe ili m'malire mwa esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo. Satifiketi ya uphunzitsi ndili nayo, ili pansi pa bokosi la zovala, yokulunga m'nsalu. Mwana ndili naye mmodzi yekha, wamkazi, ndinam'bereka ndikadali wamng'ono. Bambo ake anapita ku Halale iye akuphunzira kumene kuyenda. Makalata anabwera pang'ono, kenako zii. Kwathu ndi kwa Mphuka, koma kunatsala anthu ochepa oti angandifunse kuti wadzuka bwanji. Nyumba imene ndikhalamo ndi ya mishoni, ya aphunzitsi. Ntchito ikatha, nyumba nayo yatha.

Mwanayo atafika zaka khumi ndi zitatu, inakwana nthawi yolemba mayeso olowera sukulu yaikulu yogonera konko. Mutu anali nawo, aliyense ankadziwa. Koma m'mayesomo munali jometiri, masamu aja a mizere ndi ngodya, ndipo pa sukulu pathu jometiri ankaphunzira anyamata okha. Belu la masana likalira, anyamata ankatsala ndi rula ndi kampasi, atsikana n'kunyamula mapini ndi ulusi kupita pansi pa mtengo kukasoka. Mtsikana wolowa mayeso amenewo ankadziwiratu kuti pepala limodzi alisiya loyera.

Tsiku lina anabwera ndi sileti yake. "Amayi, ngodya yowongoka ngati ya chitseko imapangidwa bwanji popanda kungoyerekeza ndi maso?"

"Mutu ukundipweteka, tiona mawa."

Mawa limenelo ndinalinena kangapo. Zoona zake n'zakuti sindinkadziwa. Ku koleji, amuna akamaphunzira zimenezi, ife tinkaphunzira kusoka mabatani ndi kusambitsa makanda. Manyazi anandigwira kuuza mwana kuti pepala lili m'bokosi lija silifika pamenepo.

Ndinayesa kumupezera pena. Mphunzitsi wamkulu ankaphunzitsa anyamata pakhonde pake madzulo. Nditamupempha anapukusa mutu: "Mayi, pakhonde panga pamakhala akabudula okhaokha. Mukaikapo namwali, mawa mumva nyimbo pamtondo." Kalipentala wa pamishoni, amene ankadziwa za ngodya, anati m'shopu mwake simulowa wovala chilundu. Ndinabwereka buku, koma Chingelezi chake chinali chouma ngati chinangwa cha dzana. Tinkangoyang'ana zithunzi, ine ndi mwana, wina kudikira mnzake kuti ayambe kulankhula.

Nthawi imeneyo esiteti inali itangoswa mphanje pamtsetse wa kuseri kwa mtsinje. Ndikudutsa m'mawa wina sukulu itatsekera, ndinaima. Dothi lofiira lonse lija linali litabayidwa zikhomo, poti mbande za tiyi zidzakhale mvula ikagwa. Ndikayang'ana chokwera, mizere ili njo. Ndikayang'ana chopingasa, njo. Ndikapendeka n'kuyang'ana chammbali, njonso. Pakati pake panali bambo wachikulire, kapitawo wa zikhomo, atakoleka chingwe paphewa. Anali Mlomwe, wa anthu aja anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, amene ife a m'midzi yakale tinkawatchula dzina lonyoza n'kumaseka kalankhulidwe kawo. Ndinali ndisanalankhulepo naye.

"Mayi aphunzitsi, mwataya chiyani m'munda mwa azungu?" anatero.

"Ndikudabwa mizereyi, bambo. Mumaiwongola ndi chiyani?"

"Ndi mankhwala a kwathu," anaseka mpaka kutsokomola. "Si mmene mumatinenera kutchalitchi kwanu? Bwerani muone mfiti yake."

Anatambasula chingwecho. Chinali cholumikiza mbali zonse, chili ndi mfundo khumi ndi ziwiri zotalikirana mofanana. Anakhoma chikhomo, n'kuwerenga mipata itatu, n'kukhoma china. Anabwerera pa choyamba chija, n'kuwerenga mipata inayi kuloza kwina, n'kukoka mpaka mbali yotsalayo, ya mipata isanu, itati gwa. "Itatu, inayi, isanu. Ngodya ndi imeneyo. Kaikeni chitseko cha abusa pamenepa muone ngati sichikhala."

Ndinamufotokozera za mwana wanga, ndikuyang'ana uku ndi uku ngati ndikugula kachasu.

"Mtsikana? Abwere. Chingwe sichifunsa wachigwira."

Vuto linali tsiku. Pakati pa mlungu mwana ali m'kalasi, ndipo pomwe akutuluka, a zikhomo aweruka kale. Lamulungu chingwe chimagona m'sitolo, kiyi ali ndi mzungu. "Komanso Lamulungu ine ndimakhala pa chikho ndi abale anga, mizere yake siwongoka," anatero. "Loweruka basi."

"Loweruka kwa ife ndi Sabata, bambo. Ngakhale moto sitikoleza."

"Ndiye kam'pempheni Mulungu wanuyo akubwerekeni theka. Ine anandilanda lonse mzungu, osapempha."

Ndinaganiza masiku atatu. Panalibe woti ndimufunse. Amayi anzanga a mumpingo ankandipatsa moni bwino, koma mkazi wopanda mwamuna, wophunziranso, samuuza zakukhosi, ndipo naye sawauza. Lachisanu ndinamuitana mwana n'kumuuza kuti mawa adwala.

Tinkachita chonchi. Belu loyamba likalira, ine ndinkavala zoyera n'kutuluka, iye atagona pamphasa. Anthu onse akalowa m'tchalitchi, ankadzuka, kuvala diresi lakale, n'kutsika ndi kanjira ka kumtsinje. Mapemphero a masana asanathe, wabwerera kale pamphasa paja. Kumbali ya amayi ndinkakhala ndi malo opanda munthu pambali panga. "Mwana ali kuti?" "Chifuwa chija chayambiranso." Ndinkaimba nyimbo, makutu ali kuseri kwa mtsinje. Mbusa akati pali wina pano wabisa tchimo, ndinkaona ngati denga lonse likundiloza.

Koma mwanayo ankabwera nkhope ikuwala, mapazi ali psuu ndi dothi. Sanali wolongolola, koma masiku amenewo pakamwa sipankatseka. Agogo aja, choncho ndi mmene ankawatchulira, amuonetsa kugawa mzere pakati: kukhoma zikhomo ziwiri, kuzunguza chingwe kuchokera ku ichi, kuzunguzanso kuchokera ku icho, pamene njira ziwirizo zakumana n'kukhala pakati penipeni. Amuonetsa kubzala kwa patatu, chitsamba chilichonse kutalikirana mofanana ndi anzake onse. Akalakwitsa ankamuti, "Kalaliki wanga, mzere wakowu waledzera kuposa ine." Lamulungu mwanayo ankanditengera kuseri kwa nyumba ndi luzi ndi timitengo, n'kumandiphunzitsa. Tsiku lina anatsegula buku lija, n'kuloza chithunzi cha kampasi: "Amayi, ichi ndi chikhomo ndi chingwe basi, angochiveka chitsulo." Tinaseka mpaka misozi. Sindikumbuka nthawi ina imene m'nyumba mwanga munali phokoso lotero. Zinatero kuyambira mphepo yozizira itangotha mpaka mabingu oyamba.

Za tsiku la mayeso ndinachita kumva kwa mphunzitsi amene ankayang'anira. Makampasi anali ochepa, ndipo anagawira anyamata. Funso linati apange ngodya yowongoka. Mwana wanga anasolola ulusi m'mphepete mwa diresi lake, n'kumanga mfundo motsatira rula, n'kuzula mapini atatu amene ankayenda nawo pachifuwa ngati mtsikana aliyense wa kalasi yosoka. Anawabaya papepala, itatu, inayi, isanu, n'kulemba mizere. Mzungu wa mishoni amene anabwera ndi mayesowo anaima kumbuyo kwake nthawi yaitali. Atatha anamuitana, akumwetulira, wokondwa ndithu.

"Anakuphunzitsa zimenezi ndani?"

"A kapitawo a zikhomo, ku esiteti."

"Liti, poti umakhala m'kalasi?"

"Loweruka."

Ndinamuphunzitsa kugona pamphasa, koma sindinamuuze choyankha akafunsidwa. Iye anayankha monga ndinamulerera.

Lachitatu lotsatira tinaitanidwa. Akulu a mpingo anakhala pa mabenchi m'kalasi langa lomwe, ife awiri pansi. Panja amayi anadzaza pawindo. Ndinamva mkazi wa dikoni akuti, "Chifuwa chake chinali cha Anguru, eti? Satifiketi imeneyi!" Ena n'kuseka chobisa.

Wamkulu wa onse anali munthu wofatsa, amene anandibatiza. Anayankhula motsitsa mawu. "Mwana wanga, mphunzitsi woswetsa Sabata sangaime pamaso pa ana a anthu, ukudziwa. Tiuze. Unkadziwa kumene ankapita?"

M'mutu mwanga munadutsa zonse nthawi imodzi. Ndikavomera, ntchito yatha, nyumba yatha, tibwerera kwa Mphuka ndi mtolo pamutu, ndipo mwana wa mphunzitsi wochotsedwa sangalandiridwe kusukulu yaikulu ija. Ndikakana, tchimo likhala la mwana, ndipo la mwana amalikhululuka msanga. Ndikufuna kukhulupirira kuti ndinaganiza choncho. Koma ndinalinso ndi mantha wamba, a amayi aja a pawindo.

"Sindinkadziwa, bambo. Ndinkamusiya ali gone."

Anatembenukira kwa mwanayo. "Amayi ako akunena zoona?"

Sanandiyang'ane. Anayang'ana zala za kumapazi kwake, n'kunena kuti, "Inde. Ndinkathawa ndekha."

Anagamula kuti malo ake kusukulu yaikulu asamulande, poti pepala lake linaposa a anyamata ambiri. Koma amuchotse m'kalasi ya ubatizo chaka chathunthu, alime m'munda wa sukulu mwezi wonse, ndipo Sabata likudzalo aime kutsogolo alape. Anaimadi, kamwana kowonda m'diresi loyera, n'kunena kuti ananamiza amayi ake ndi Mulungu. Ine ndili pa benchi. Potuluka amayi anandizungulira, ena kundigwira dzanja koyamba chibwerere changa pano. "Pepani mayi, kulera nokha n'kovuta. Ana a masiku ano!" Ndinalandira chipepeso chimenecho.

Tikuyenda kubwerera kunyumba ndinati, "Ndinachitira iwe, ukudziwa. Ndikanavomera, bwenzi tonse tili panjira."

"Ndamva, aphunzitsi."

Anali asanandiitanepo choncho kunja kwa kalasi. Ndinaganiza kuti ndi mkwiyo wa tsiku limodzi.

Ali kusukulu yaikulu tsopano, chaka chachiwiri, ndipo akuti pa masamu palibe womuposa. Pa tchuthi amabwera. Amasesa, amatunga madzi, amagwada pondipatsa chinthu. Palibe chimene ndingamudzudzule. Koma ndikamufunsa za kusukulu amati zili bwino, aphunzitsi. Ndikadwala amati pepani, aphunzitsi. Chaka cha chilango chitatha, akulu anamuitana kuti abwerere m'kalasi ya ubatizo, iye anayankha mwaulemu kuti sanakonzeke. Bambo wa zikhomo uja anasamukira ku esiteti ina cha ku Thekerani, ndipo sindinapite kukamuthokoza, ndinkaopa kuonedwa. Tchuthi chikatha ndimamuperekeza mwana mpaka pamsewu, iye patsogolo ndi kabokosi kake pamutu, ine pambuyo. Ndimabwerera ndekha pakati pa tiyi, ndipo m'nyumba ndimapeza zonse zili m'malo mwake, ngati simunagone munthu.

Nthawi zina ndimati Sabata likubwerali ndiimirire ndinene zonse. Kenako ndimakumbuka kuti kwamutsalira chaka china, ndipo ndikalankhula lero, zimene anasenza zija zikhala kuti anasenzera pachabe. Ndiye ndimakhala chete, ndipo mwina n'chimene ndimafuna.

Inu amene mwawerenga, makamaka inu amayi anzanga olera nokha, ndiuzeni. Sukuluyo anaipeza, palibe angatsutse. Koma mukanakhala inu pansi paja, akulu ali pa mabenchi, mwana ali pambali panu, mukanayankha chiyani? Ndinamupulumutsa mwana wanga, kapena ndinadzipulumutsa ndekha?