Chikho cha aNachisale

Ndikakumbukira aNachisale ndimamva fungo la fodya wamuwisi m'chigafa, uja womata m'manja tikamasoka, losakanikirana ndi fungo la thobwa la mawere limene ankabwera atasenza m'ndowa dzuwa likafika pamutu. Anali oyandikana nafe nyumba kwathu ku Chamama, mayi wamasiye amene ana ake onse anali kutali, ndipo mudzi wonse tinkangowatchula agogo. Koma pakamwa ndiye anali napo! Munthu akamasoka fodya mwaulesi ankamunena mpaka chigafa chonse kufa nacho chiseko, kwinaku atapanira kafodya kawo kuseri kwa mlomo wam'munsi.

Kwathu mwini thobwa amayamba ndiye kulawa, kuti anthu aone kuti mulibe choipa, kenako chikho chimayendera aliyense. ANachisale ankalawa, n'kupukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Ngati muli imfa ndife ndekha. Imwani, ana inu."

Ndili mu sitandade faifi, kachilonda kanatuluka pamene ankaika fodya paja. Anayesa madzi amchere, anayesa zitsamba, osapola. Ku chipatala cha paboma anawatumiza ku Lilongwe, ndipo anabwerako atamanga mpango kukamwa, akuti ndi khansa. Azaumoyo anafotokoza ku tchalitchi kuti matendawa sapatsirana. Anthu anagwedeza mitu, koma aliyense anapita kwawo ndi maganizo ake.

Patapita sabata, agogo anatulukira kuchigafa ndi ndowa yawo monga kale, ngakhale inali yatheka chifukwa mphamvu zinali zitachepa. Anatunga, anatsitsa mpango uja pang'ono, n'kulawa misozi ikulengeza ndi ululu. Mawu awo aja anatuluka mokokakoka chifukwa lilime linali litalemera. Kenako anatambasula dzanja, ndipo amene ndinali pafupi ndinali ine.

Ndisanachigwire chikhocho, amayi anga ananditsina pantchafu. "Wangodya kumene uyu, agogo," anatero maso ali pafodya. Bambo wina anati m'mimba simuli bwino. Wina anatuluka ngati waitanidwa. M'chigafa chodzaza ndi akhristu okhaokha, chikho chinangokhala m'malere popanda wochilandira. Agogo anakhuthulira thobwalo pansi, n'kusenza ndowa yawo.

Kuchigafa sanabwerenso. Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe amene anawachitira nkhanza yooneka. Amayi a ku tchalitchi ankabwera ndi ufa ndi sopo, ankaimba nyimbo ziwiri pakhonde, koma akapatsidwa madzi ankati angomwa kumene. Nkhuni tinkawatolera, pabwalo tinkawasesera, koma wokhala nawo pamphasa panalibe. Agogo anasiya kutsegula zenera, anasiya kuitana nkhuku zawo, ndipo munthu uja wosatha mawu ankatha tsiku lonse atayang'ana khoma.

Tsiku lina m'mawa amayi anandituma kukawapatsa phala. M'nyumba munali fungo la chilonda ndi la mankhwala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Tiyamike, kodi ine ndinafa kale? Bwanji simunandiuze?" Ndinaika phalalo pansi. Anakokera pafupi chikho chija, chili ndi madzi, n'kunena motsitsa, "Chilondachi ndachizolowera, mwanawe. Tangomwako pang'ono chabe, ndione."

Ndinayang'ana m'mphepete mwa chikhocho, ndinayang'ana mpango wawo wonyowa. "Ndilibe ludzu, agogo," ndinatero.

"Chabwino, pita," anatero, n'kutembenukira kukhoma. Phala lija ndinakalipeza madzulo losakhudzidwa, nyerere zili yakaliyakali.

Anamwalira nthawi yofesa nazale, mvula isanagwe. Pamaliro pawo thobwa linadzaza migolo iwiri, anthu anamwa mopatsirana zikho, akuyamikira kuti malemuwa anali munthu wa anthu. Chikho chawo wina anachitaya kudzala.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndikudziwa bwinobwino kuti madzi aja sakanandichita kanthu. Ndikamva kuti wina wadwala matenda oterewa ndimapita, ndimakhala pamphasa, ndimapempha madzi ngakhale ndilibe ludzu, koma mtima suphwa ayi. Ndikamafotokozera anthu nkhaniyi ndimakonda kulekezera pa amayi aja onditsina kuchigafa, ndipo omvera amapukusa mitu n'kumati umbuli ndi woipa. Zinazo sindinena. Tsiku la phala lija m'nyumba muja tinalimo awiriwiri, ndipo panalibe wonditsina.