Tsiku Limene Galimoto Yofiira Inaiwala

Pagalaja paja aliyense ankangomutchula kuti Mayi Mzati. Dzinali linabwera chifukwa cha maboneti. Galimoto zakale zothamanga zimene mwamuna wake ankakonza, zambiri zinali zitathyoka kachitsulo kochirikiza boneti, ndiye mayiyo ndi amene ankaimirira, mikono m'mwamba, mwamunayo atalowetsa mutu mu injini. Anaima choncho zaka makumi awiri ndi ziwiri. Pachikwangwani cha pageti panali dzina la mwamuna yekha.

Akatsitsa mikono ankatsuka mapulagi m'chitini cha petulo, kusesa, kuchapa maovololo, kenako n'kukaphika. Kutsukako n'kumene kunamutsegula maso. Pulagi ikatuluka yakuda ndi mwaye, ndiye kuti petulo wachuluka. Ikafanana ndi tiyi wamkaka, zili bwino. Ikayera mbuu, mpweya wachuluka, petulo wachepa, injini ikupsa m'kati. Tsiku limene ananena zimenezi pamaso pa kasitomala, mwamuna wake anadikira kuti kasitomalayo atuluke, n'kumukwapula ndi lamba wa fani mpaka khutu lamanzere linasiya kumva. Kuchokera pamenepo ankasamala khutu lotsalalo ngati dzira. Ndi limene ankamvera injini, ndi mawu a mwana wake wamkazi pafoni.

Galimoto imene ankaidziwa koposa inali yofiira, ya zitseko ziwiri, ya mkulu wina wotchedwa Chimphepo, munthu amene phazi lake silinkadziwa kumene kuli buleki. Pampu ya petulo ya galimotoyo inali itatopa kalekale. Koma kakompyuta ka injini, kabokosi kobisika kuseri kwa dashibodi, kanali kataphunzira. Mwezi ndi mwezi kankawonjezera petulo pang'onopang'ono, ndipo mapulagi ankatulukabe ooneka ngati tiyi. Zonse zimene kanaphunzira kankazisunga ndi moto wa batire. Ukachotsa batire, kankaiwala, ndipo pankafunika masiku angapo oyenda modekha kuti kaphunzirenso.

Lachiwiri lina m'mawa, yofiirayo itabwera kudzangosintha oyilo, lole ina inakana kulira. Pagalajapo chizolowezi chinali chimodzi: batire amabwereka pa galimoto imene ili pafupi.

"Bambo, osati ya yofiirayo," anatero mayiyo motsitsa mawu. "Iiwala."

"Iwe, umakaniko wauyamba liti? Tagwira bonetiyi."

Anagwira. Batire inachoka, inakaliza lole, inabwerera.

Masana Chimphepo anadzatenga galimoto yake, matayala akulira kuyambira pageti. Ola lisanathe inabwerera ikukokedwa ndi chingwe, oyilo akudontha njira yonse. Moni panalibe. Chimphepo anatola sipanala yaikulu pabenchi n'kuswa zenera, kenako anagwira makanikoyo, mwamuna wa mayiyo, pakhosi n'kumuwombetsa kukhoma. Shelefu inagwa, mabawuti mbwee pansi.

"Zaka khumi ndi zisanu galimoto iyi sinandikhosomolerepo! Mwaitani, madala?"

"Bwana, pepani, tione kaye..."

Chibakera chinamupeza pakamwa. Analavula magazi ndi kachidutswa ka dzino.

"Mzati! Boneti!" anakuwa makanikoyo.

Mayiyo anakweza boneti n'kuima, mikono m'mwamba. Mwamuna wake anamasula pulagi yoyamba. Inatuluka yoyera mbuu, nsonga yake itasungunuka. Chimphepo sanali mlendo pa galimoto. Anasuzumira m'kati, n'kuona wotchi ya padashibodi ikuphethira, itataya nthawi.

"Wachotsa batire ndani?"

Makanikoyo sanachedwe n'komwe. "Ndi mkazi wangayu, bwana. Dzanja lake silikhala, chilichonse kutsuka. Ndimamuletsa daily ine, samamva."

Pofuna kuti bwanayo akhulupirire, anatembenuka n'kumuwomba mbama. Inatera pa khutu lamanja. M'mutu mwa mayiyo munalira ngati waya wamagetsi, ndipo kwa kanthawi anangoona milomo ya amuna awiriwo ikugwedezeka popanda mawu. Kulira kumeneku ankakudziwa. Khutu linalo linayambanso choncho.

Mwamunayo anatsamiritsa dzanja lamanja m'mphepete mwa injini, n'kukweza lamanzere kuti abwereze. Zaka zonsezi mbama zinkamupeza mayiyo mikono ili m'mwamba, nkhope ili pamtunda. Ulendo uno anatsitsa manja onse awiri n'kuphimba khutu lake.

Boneti ya galimoto zakale ndi chitsulo chenicheni. Inagwa ndi mphamvu yake yonse, ndipo zala zinayi zinathyoka ngati nkhuni zouma. Mwamunayo anakuwa mpaka agalu a tsidya lina la msewu anayankha. Kukuwako mayiyo anakumva bwinobwino, ndipo mtima wake unakhala pansi: khutu linali lidakalipo.

Chimphepo ndiye anakweza boneti. Mayiyo anatola pulagi ija pansi n'kumuika m'manja.

"Batire anachotsa ndi bambowa, kukalizira lole iyo. Kompyuta inaiwala, pampu yanu ndi yotopa, inu n'kuponda mpaka pansi. Injini inamwa mpweya wokhawokha. Pisitoni yabooka."

"Inu mayi, zonsezi mumazidziwa?"

"Ndimatsuka mapulagi."

Mayiyo anapita kumpopi, n'kunyowetsa nsanza yoyera, kudzakulunga dzanja la mwamuna wake. Analikulunga mosamala, monga ankachitira chilichonse.

Zalazo zinapola mokhota, ndipo sizigwiranso sipanala kapena lamba. Injini ya yofiirayo amene anaimanga ndi mayiyo, mwamuna wake atakhala pampando, akulamula zimene zachitika kale. Pachikwangwani dzina silinasinthe. Boneti masiku ano imachirikizidwa ndi thabwa limene mayiyo anadula yekha, lotalika ngati mikono yake.