Chimbale cha Mwana wa a Luisa

Ine Teresa ndagulitsa tomato pamsika wa Ngabu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo zaka zonsezo benchi langa lakhala logundana ndi la a Luisa, amene amagulitsa milamba yowamba ndi makakana. Ndiye munthu akamati amawadziwa a Luisa chifukwa anamvako nyimbo imodzi pafoni ya mlamu wake, ine ndimangotsonya.

A Luisa anabadwira ku Mozambiki, cha ku Mutarara. Anabwera kuno ali mtsikana mu 1986 nkhondo itavuta, mphika pamutu, mng'ono wawo kumsana. Anakhala kumsasa wa othawa kwawo ku Nsanje, ndipo anzawo atabwerera nkhondo itatha, iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa ndi a Francisco, amene ankayeza thonje pasikelo pano pa Ngabu. Anabereka ana asanu ndi mmodzi, amoyo alipo anayi. A Francisco anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo pamaliro pawo abusa a nthawi imeneyo ananena kuti banja limenelo linali galasi la mpingo wonse.

A Luisa ndi munthu wosayankhulayankhula. Wogula akayamba kunenerera, iwo amangoti "nkhabe," kukana kwa Chisena, n'kupitiriza kuingitsa ntchentche. Sukulu sanapiteko. Chimene chinkawapatsa ulemu ndi udindo wawo kumpingo: kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anali mlangizi wa mabanja. Mtsikana aliyense wolowa m'banja ankayamba wakhala pamphasa pawo, ndipo paukwati ankawaikira mpando kutsogolo. Lachinayi ankatseka benchi nthawi ya 12 koloko ngakhale nsomba zikuyenda malonda, kuti akasambe asachedwe kumsonkhano wa amayi. Mukanawalanda benchi akanapirira, koma osati udindo umenewo.

Vuto linabwera ndi Priska, mwana wawo womaliza. Anapita ku Blantyre kukaphunzira zosoka, ife n'kumadikira madiresi. M'malo mwa madiresi tinangomva kuti watulutsa chimbale cha nyimbo khumi ndi imodzi, ndipo akuti chamba chake ndi cha hipu hopu. Nditamva mawu oti chamba ndinati basi, mwana wapita. Anachita kundimasulira kuti ndi mtundu wa nyimbo chabe, zija amayankhula mothamanga ngati akuthawa agalu. Dzina la chimbalecho linali "Mama Alonga."

Kuno kuchigwa ngakhale mwana wovala thewera amadziwa kuti m'Chisena kulonga ndi kuyankhula. Mama alonga, amayi ayankhula, nkhani yatha. Koma kumtunda, kulonga amangodziwa kwa katundu.

Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa, ndipo msika wonse unasanduka wa akatswiri a nyimbo. Maclean wa kabaza anamangirira sipika pansi pa chishalo n'kumayenda nayo msewu wonse, akukuwa kuti mtsikana ameneyu wawapinda amuna onse a m'tauni. Koma ankangoika nyimbo yachiwiri yokhayokha, ikatha abwereze, mpaka nkhuku za pamsika zinailoweza. Fanizo, amene amaikira anthu nyimbo m'mafoni, anati chimbale n'chabwino koma Chisena chachuluka, ku Lilongwe sichikayenda. Munthu amene sanadutsepo pa Thabwa kumatiuza za ku Lilongwe! Aphunzitsi ena opuma, ogula anyezi mmodzimmodzi, anati imeneyo si nyimbo koma kukangana ndi ng'oma. Azibambo ogulitsa nyama anagwirizana kuti mkazi wa mawu okhuthala choncho sadzapeza banja, ngati kuti pali amene anawafunsa.

Langa ndinene, ndisabise. Ndinamvera nyimbo ziwiri ndi theka, mutu n'kuyamba kugunda ngati ndagona m'chigayo, ndinazimitsa. Koma Priska ndinamusambitsa ndine ali wakhanda, ndiye aliyense womunyoza ndinkamuyankha mpaka aiwale chimene anabwerera. A Luisa eni ake, ziii. Ukawafunsa ankangoti, "Mwana waimba," n'kutembenuza mlamba.

Kenaka mnyamata wina wa pawailesi ya m'tauni anachiyamikira chimbalecho masana dzuwa likuswa mtengo. Anati ndi chimbale cholimba mtima, chouza dziko kuti amayi atopa ndi mabanja, alonga katundu wawo, akupita. Ndinatsala pang'ono kuponya wailesiyo mudengu la tomato woola.

Amene anamva bwino kwambiri anali Amayi Busa athu atsopano, ochokera kumtunda, amene anali atangotha miyezi isanu ndi itatu pa Ngabu akudandaula za kutentha. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma aka kanali kometa ndi khungu lomwe. Lamulungu analengeza kuti Lachinayi amayi tidzakambirane ngati n'koyenera kuti mlangizi wa mabanja akhale munthu amene mwana wake akuimbira dziko lonse kuti amayi ake analonga katundu.

Masiku atatu ndinakhala ndikuwira. Lolemba ndinati, "Shamwali, musadandaule. Ine ndikawaphunzitsa Chisena anthu amenewa, akabwerako akudziwa." A Luisa anandiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Tikamva konko."

Lachinayi tinakhala pansi pa mitengo ya nimu kuseri kwa tchalitchi, amayi oposa makumi anayi. Amayi Busa atangomaliza kufotokoza, ine ndinadzuka osadikira kuti andiloze.

"Amayi Busa, pepani, ndifunse nawo. Munthu akakuuzani kuno kuti longani, mumathamangira chikwama?"

Amayi anayamba kuseka.

"Kuno kulonga ndi kuyankhula. Mwanayu akuti amayi ake ayankhula. Kodi kuyankhula kwasanduka tchimo liti? Ine ndakhala nawo amayiwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Sanalongepo ngakhale supuni kuchoka nayo kwa a Francisco. Mukanafunsa kaye ife eni dera musanamvere anyamata a pawailesi."

Anandiombera m'manja, ena mpaka nthungululu. Amayi Busa anagwidwa manyazi, ndipo kunena zoona si munthu woipa. Anati, "Amayi, ndalakwa, sindinadziwe. A Luisa, mundikhululukire." Mlandu unathera pomwepo. Ndinakhala pansi ndikudzimva, ndikukonza chitenje.

Ndiye a Luisa anadzuka. Munthu amene pamsonkhano amangotsekera ndi pemphero, tsiku limene ndawapulumutsa ndi limene anasankha kudzuka.

"Takhuta, shamwali," anandithokoza. Kenaka anatembenukira kwa onse. "Koma ndifunse. Mbani pano wamvera nyimbo yomaliza?"

Panalibe anakweza mkono. Ngakhale ine, loya wawo, ndinayang'ana nyerere pansi.

Anamasula mfundo ya chitenje, n'kutulutsa kafoni kawo kamabatani, n'kudina. Ng'oma sizinamveke. Anamveka mawu a a Luisa eni ake, akuyankhula Chisena pang'onopang'ono, mmene amayankhulira akatopa. Priska anawajambula atabwera kudzacheza pa Khirisimasi, iwo akudziwa.

Mawuwo ankanena za chaka cha 2000, Priska ali wakumsana. A Francisco anawamenya mpaka kuwagulula mano awiri akutsogolo. Mano amenewo tonse tinkadziwa kuti anaguluka atagwa panjinga, ine ndemwe ndinawaphikira phala sabata yathunthu. Kutacha a Luisa analonga zovala zawo ndi za mwana m'chitenje n'kukakhala pasiteji kudikira basi ya ku Bangula, kuti akaoloke mtsinje abwerere kwawo. Basi isanafike anabwera alangizi awiri a nthawi imeneyo. Anawalanda mtolowo mwaulemu, n'kuwauza kuti banja ndi kupirira, asachititse mpingo manyazi. A Luisa anabwerera kunyumba, ndipo kumenyako sikunathe mpaka a Francisco atakalamba. "Kenaka ine ndemwe ndinasanduka wolanda mitolo," anatero mawuwo. "Atsikana amene ndinawabweza pasiteji ndi ambiri. Mmodzi tinamuika m'manda patangotha miyezi inayi."

Apo m'pamene ng'oma zinalowa, Priska n'kuyamba zake zothamanga zija. Kwa nthawi yoyamba ndinamva liwu lililonse. Ankafunsa alangizi kuti mtolo wa amayi ake anakausiya kuti, ndipo manowo adzabweza ndani.

Nyimbo itatha kunangomveka mbuzi za kuseri kwa mpanda. Amayi ena ankalira, ena nkhope zinali zitauma, makamaka achibale a a Francisco. Amayi Busa anafunsa motsitsa mawu, "Nanga tsopano atsikana mumawauza chiyani?"

"Ndimawauza kuti akakumenya, longa," anayankha a Luisa. "Uyambe walonga ndi pakamwa. Akapanda kumva, ulonge katundu."

Pomwepo panabuka phokoso loposa la chimbale chija. Wina akuti anyoza malemu amene sangadziyankhire. Wina akuti atiphwasulira mabanja a ana athu. Wina, amene mwamuna wake tonse timamudziwa dzanja lake, ndi amene ankakuwa kwambiri kuti za m'nyumba sizipita pawailesi. Anthu omwe aja ankandiimbira nthungululu! Pomaliza anati tikweze manja. Ofuna kuti a Luisa apitirize tinali khumi ndi atatu, ndipo mmodzi mwa ife anali Amayi Busa. Otsalawo anati apume kaye, mawu amene kumpingo amatanthauza kuti basi. A Luisa anawerama, n'kunena takhuta, n'kutenga nsapato zawo.

Ndinapita kunyumba nditapsa mtima ndi aliyense: amayi a kumpingo, mnyamata wa pawailesi amene anaphonya Chisena koma n'kulasa nkhani, Priska amene anabisa nyimbo yotere kumapeto ngati sadziwa kuti anthu a pa Ngabu samaliza chinthu. Koma kwambiri ndinakwiyira a Luisa. Anandisiya ndikudzitama pamaso pa anthu makumi anayi, pamene akanatha kundikoka chitenje Lolemba lija. Ndipo udindo umene ndinawatetezera ndi thukuta langa anautaya okha ndi batani limodzi.

Lachisanu m'mawa ndinawapeza atayala kale nsomba. Ndinatula dengu mwamphamvu dala, tomato awiri n'kugubuduka.

"Shamwali, zaka zonsezi benchi limodzi. Mwakauza foni, mwakauza dziko lonse, ine osandiuza? Ndine mtengo ine?"

A Luisa anatola tomato aja n'kuwapukuta ndi chitenje, n'kuwaika pamulu wanga.

"Ndinakuuzani, a Teresa. Chaka chomwecho, pompano, m'kamwa musanapole. Munati amuna onse ndi choncho, ndipirire. Munali mukusankha tomato."

Ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, poti kutsutsa ndiye ndimatha. Ndinayesa kukumbuka tsiku limenelo kuti ndiwauze kuti akunama, ndipo ndinalikumbuka.