Uta Umene a Greenwell Anagulira Effie

A Greenwell Sakala akhala akuyendetsa basi ku Thamesmead, mumzinda wa London, kuyambira chaka chimene anachoka ku Katete. Mukawaona pachiwongolero, ali phee, magalasi pamphuno, simungaganize kuti ndi mwana wa mlenje. Bambo awo ankapha agwape ndi uta. Mivi ankasula okha, nsonga yake yotambalala ngati tsamba la mango, yakuthwa uku ndi uku. Lamulo lawo linali limodzi: uta wofewa ndi nkhanza. Umangovulaza nyama, iyo n'kukafera kutali patatha masiku, bala litawola. Wofuna gwape akoke uta wolimba, muvi ulowe mpaka utulukire kwinaku.

Mawu amenewa ndi oona, palibe angatsutse. Vuto n'loti a Greenwell anakwera nawo ndege.

Kuno lamulo sililola kusaka ndi uta. Choncho iwo analowa kalabu ina m'kankhalango kunja kwa London, kumene anthu amalasa agwape opanga, a siponji yolimba, oimikidwa pakati pa mitengo. Anzawo kudepoti ankawaseka kuti, "Mudala, ndiwo zake tidzadya liti?" Iwo osalabadira. Loweruka lililonse lopanda shifiti, uta paphewa, ulendo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Effie, anabadwira konkuno. Kunyumba ukamulankhula Chinyanja ankayankha Chingerezi, mawu awiri basi, maso pafoni. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu anawatsatira kukalabu, chifukwa chongosowa chochita. A kukalabu anamubwereka uta wa mapaundi makumi awiri, wopepuka kukoka, pajatu mapaundi a uta ndi muyeso wa mphamvu yokokera chingwe, osati ndalama. Ine! Mwana uja anali ndi diso. Muvi wachitatu unakaima pamtima pa gwape, iye n'kukuwa, "Ndalasa, adadi, ndalasa!" A Greenwell anatembenuka kuti aone amene walankhula.

Kuyambira tsikulo, Loweruka linali lawo awiri. M'galimoto Effie ankafunsa za agogo ake, za Katete, za mmene amatsatira mapazi a nyama, m'Chinyanja chake chopindikacho. Bamboyo ankadziwa bwino kuti mwana wake amamupeza kumeneko kokha, ndipo ankaopa kumutaya.

Komatu munthu akakhuta chimwemwe amayamba kufuna zina. A Greenwell anayamba kulota zodzapita ndi Effie kumudzi, akalase gwape weniweni, abale akaone kuti magazi a mlenje sanathere m'basi. Anaitanitsa nsonga zotambalala zija, n'kumazinola pakhitchini, chonsecho kukalabu saloledwa n'komwe kuponyera zimenezo. Effie atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anapita naye kushopu kukamugulira uta wakewake.

Wogulitsa anayang'ana mikono ya mtsikanayo nati mapaundi makumi atatu akwanira. Jessica, mphunzitsi wa kukalabu, anali atanena kale zomwezo, kuti azikwera pang'onopang'ono chaka ndi chaka. A Greenwell anapukusa mutu. Makumi atatu? Choseweretsa ana chimenecho chingaboole nthiti? Analoza wa makumi asanu.

"Koka tione."

Effie anakoka, nkhope itachita tsinya, chigongono chikunjenjemera. Chingwe chinafika pachibwano movutikira.

"Mwaona? Ndi mdzukulu wa Sakala ameneyu."

Iye anamwetulira poona bambo ake akunyadira. Ndipo a Greenwell, munthu wanzeru zake, woyendetsa anthu mazanamazana tsiku lililonse popanda ngozi, sanadzifunse kuti gwape wa siponji amavutika bwanji akalasidwa ndi uta wofewa.

Miyezi isanu ndi iwiri Effie anakoka uta umenewo. Mivi inayamba kuphonya. Bambo ake ankati ndi ulesi, awonjezere mphamvu. M'galimoto mafunso anachepa. Effie ankamwa mapilitsi a ululu mobisa asanatsike, zimene iwo anadzamva pambuyo pake kwa mayi ake. Loweruka lina akukoka, phewa linalira kuti thu, uta n'kugwa pansi, mwana n'kukhala pamatope.

Kuchipatala anati minofu ya m'phewa inang'ambika kalekale, imangowonjezereka. Anamuchita opaleshoni. Atatsitsimuka, a Greenwell anamufunsa chifukwa chimene sananenere kuti zikumupweteka. Anawayankha m'Chingerezi, modekha, kuti anabisa poti iwowo ankaoneka osangalala kwambiri.

Chinyanja chake chinathera pomwepo. Sanakangane, ayi. Effie anapita kuyunivesite, anakwatiwa, amakhala ku Tottenham, ndipo amawaimbira foni mwaulemu wake wonse. Koma dzanja lamanja salikweza kupitirira khutu, ndipo mwana wake Sibeso sanamuberekepo kumbuyo popanda womuthandiza kumukweza. A Greenwell akamaona zimenezi mtima umawawawa, moti amatuluka panja ngati akukayang'ana galimoto.

Chaka chatha Sibeso anakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Agogo ake anakwera sitima mpaka ku Tottenham atanyamula kauta kakang'ono ka mapaundi khumi. Anasankha okha, atafunsa wogulitsa kawiri konse ngati kulibe kena kofewa kuposa apo. Anafika mtsikanayo ali kusukulu, n'kukaika patebulo pamaso pa mayi ake.

"Ndinalakwa, mwana wanga," anatero. "Ndikupempha undibwereke Sibeso Loweruka limodzi lokha. Sindidzamuuza kuti akoke."

Effie anakatola kautako. Anakoka chingwe ndi zala ziwiri, pang'ono chabe, n'kusiya atagwira phewa. Kenako analankhula Chinyanja, koyamba patatha zaka khumi ndi zinayi, pang'onopang'ono kuti asaphonye liwu.

"N'kabwino, adadi. Mwasankha bwino." Anakabwezera m'thumba lake, n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Koma Sibeso sapita."