Mpeni wa Sipuling'i ya Lole

Pa Jenda ponse panalibe munthu wondiposa pa kunenerera mtengo, ndipo ndinkanena zimenezi poyera pakati pa mavenda anzanga a tomato. Ine ndikaima pa katundu wa munthu ndimayamba ndamunyoza katunduyo mpaka mwini wake achite naye manyazi, kenako ndimanyamuka pang'onopang'ono kuti andiitane. Ndipo amandiitana ndithu.

Kumene mbiri yanga inkathera kunali kwa apongozi anga, kumidzi ya ku Embangweni. Ine ndine wa ku Dowa, ndinakulira pa mbuzi ndi nkhumba, pamene kumeneko mwamuna amamuonera pa ng'ombe. Tsiku lina atapha ng'ombe anandiitana kuti ndithandize kusenda, ndipo mpeni wanga wa m'sitolo, wonyezimira bwino, unapindika pachikopa cha pakhosi ngati supuni. Apongozi aamuna sanaseke. Anangoutola, n'kuuyang'ana mbali zonse, n'kuupereka kwa azimayi kuti azidulira ndiwo zamasamba. Bola akanaseka. Tsono mlamu wanga wamng'ono ankakwatira, ng'ombe inali itasankhidwa kale, ndipo ndinalumbira kuti ulendo uno ndikafika ndi mpeni woti anthu aukambe.

Chitsulo ndinachipeza kwa makaniko wina wa m'mbali mwa msewu waukulu. Inali sipuling'i yothyoka ya lole yonyamula matabwa a ku Chikangawa. Ndinamuuza kuti ndi dzimbiri lokhalokha, ana angadzichekere, ndipo anandipatsa ngati ndikumuthandiza kusesa. Mu minibasi yopita ku boma kondakitala anafuna kuti chitsulocho chilipire mpando wake, ine ndinachifungatira pamiyendo, thalauza lonse kufiira.

Wosula zitsulo amene ndinkamulondola ankagwirira ntchito kuseri kwa msika wa ku bomako, pansi pa malata awiri. Anali bambo wamfupi, wansangala, wa malaya obookabooka ndi moto. Anagogoda sipuling'i ija ndi hamala, n'kutchera khutu.

"Chitsulo chabwino chomene ichi, dada."

Atatchula mtengo wa mpeni umodzi, ndinaseka kuseka kwanga kwa pamsika, ndinanyoza mipeni yake imene anayala pathumba, kenako ndinanyamuka pang'onopang'ono. Sanandiitane. Ndinafika pa ngodya, ndinaima ngati ndikuwerenga uthenga pafoni, m'mbuyo muli zii, hamala yokha ikulira. Ndinabwerera.

"Mwaiwala chitsulo chanu?" anafunsa.

"Tsitsani, akulu. Kampeni kamodzi kokha."

"Makala adula."

"Makala ndibweretsa ine."

"Nanga oyilo woviikamo?"

"Ndikapempha ku galaja."

"Vuto lina ndi ili," anatero akuloza gudumu la njinga limene linkazunguza fani yopemerera moto. "Mlamu wanga amene ankapukusa apa anapita ku Joni. Ndiyenera kufuna waganyu."

"Waganyu wa chiyani? Manja ndili nawo!"

"Mbwenu mpeni wanu ngwaulere, dada. Chitsulo chotsala chikhala changa."

Waulere! Ndinalakalaka mavenda anzanga akanakhalapo amve okha.

M'mawa mwake ndinafika ndi thumba la makala ndi kachigubu ka oyilo wakuda. Anafiiritsa sipuling'i ija, n'kuidula zidutswazidutswa, zonse n'kuziponya pamoto. Ndinafunsa kuti changa ndi chiti.

"Moto sasonkhera mpeni umodzi, dada. Pukusani."

Ndinapukusa. Chidutswa choyamba chinasanduka chikwanje cha munthu wina wa ku Engutwini. Chachiwiri, mpeni wa wogulitsa nyama. Chachitatu, kasemasema wa mmisiri wa mitondo. Ndikafunsa za wanga ankati ukhale womaliza, dzanja lake likhale litazolowera chitsulocho. Ndikafulumiza gudumu ankakuwa kuti ndipsereza chitsulo, ndikachepetsa ankafunsa ngati kwathu ku Dowa anthu sadya m'mawa. Phewa linayamba kutentha, phulusa m'maso, matuza m'manja. Mayi wina amene amapikula tomato kwa ine anadutsa pomwepo, anaima, n'kugwira pakamwa.

"Bambo a tomato! Bizinesi yagwa?"

"Ndikuphunzira luso, mayi, pitani."

Dzuwa litapendeka anatulutsa chidutswa changa. Anachisula pa ekiselo ya lole imene anaizika pansi, anachiviika mu oyilo, utsi wonunkha n'kundiphimba nkhope, kenako anachibwezera pamoto pang'ono kuti chisamathyoke. Tupa anandipatsa ndekha kuti ndinole, poti waulere sanoleredwa. Chogwirira anakhoma cha mtengo, n'kumanga ndi mphira wa tayala. Mpeniwo unali wakuda, wosaoneka bwino ngakhale pang'ono, koma nditauyesa pamkono unameta cheya ngati lezala.

Pa tsiku la ukwati ng'ombe itagwa, ndinagwada pamodzi ndi amuna ena. Mpeni wanga unkangotsetsereka, chikopa chikuvuka ngati jekete. Anzanga ankaima kunola yawo pamwala, ine osaima. Apongozi aamuna anasendera pafupi.

"Akweni, tione."

Mkweni ndiye mkamwini kumeneko. Ndinapukuta mpeni paudzu, n'kuupereka ndi manja awiri. Anauyesa ndi chala, n'kufunsa kumene ndinaugula. Apa pakamwa panga pa pamsika panayankha ndisanaganize.

"Ndasula ndekha, adada. Onani matuza."

Matuzawo anali enieni. Anawayang'ana, anagwedeza mutu, n'kunena kuti, "Yewo chomene, akweni." Atatero anakulunga mpeni uja m'kansalu, n'kuulowetsa m'thumba la jekete.

Ndinathamangira kwa mkazi wanga kuseri kwa khitchini kuti akanditengere. Anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Mwapereka ndi manja awiri, adada athokoza pamaso pa anthu, ndiye mukufuna ndikanene kuti munangowabwereka? Pitani nokha."

Sindinapite. Ndipo kunena zoona, masana amenewo anandikhazika pakati pa akuluakulu, anandipatsa chiwindi chootcha, ndipo apongozi ankauza aliyense wobwera kuti mkweni wawo wa ku Dowa ndi wosula. Ulemu umene ndinkaufuna ndinaupeza wodzaza. Potsanzikana, alamu anga anandikwezera panjinga yamoto ya kabaza thumba lolemera ngati mwala. Munali makasu akutha, zitsulo za pulawo, matupa akale. Amalume onse a mkazi wanga ankafuna mpeni ngati wa adada, ndipo mmodzi anawonjezera kuti wake ukhale wautali pang'ono.

Thumbalo ndinakalitula kuseri kwa msika kuja. Wosula anasuzumiramo, anasankhasankha zitsulo zabwino n'kuziika pambali pake, kenako anandilozera gudumu ndi mlomo.

"Makala mwabweretsa, dada?"

Apongozi ali ndi mpeni, wosula ali ndi zitsulo ndi wompukusira moto, ine kumudzi kuja amandipatsa mpando wa ndalema. Inu amene mwawerenga, tandiuzani: pa anthu atatufe, anapambana ndani?