Mwala wa ku Chikangawa

Ana anga nonse, tafika ku Mzuzu amoyo. Akulemba ndi mpongozi wanga Nabanda, koma mawu ndi anga.

Tinanyamuka ku Simlemba m'mawa pa kagalimoto ka malemu bambo anu, mchimwene wanu Yohane akuyendetsa, kudzaona khanda la mchemwali wanu Esinati. Titayamba kukwera mapiri a ku Chikangawa, m'makutu mwanga munatseka, nako kagalimoto kanayamba kutsokomola, kenaka zii, kuzima pachitunda penipeni.

Yohane anakoka buleki ya pamanja. Ine ndikungoona mitengo ya paini ikupita kutsogolo, kani ndife tikubwerera m'mbuyo! "Amayi, sikugwira!" anakuwa Yohane. Nabanda anadumpha, n'kutola chimwala, n'kuchiponya kuseri kwa tayala. Kanaima.

Amakaniko amene anatithandiza akuti waya wa bulekiyo unaduka kalekale, mpaka unachita dzimbiri. Zaka zonsezi kakusenza mabelo a fodya ife osadziwa, poti kwathu n'kosalala, ukakaimika kamangoima. Zandiganizitsa. Nanenso ndimadzitama kuti ndine wolimba, mwina n'chifukwa choti sindinakumanepo ndi phiri.

Yohane akuti kagalimotoka tikagulitse konkuno, tibwerere pa basi. Ine mtima ukukana, mpando wa dalaivala ukadali ndi dzenje pomwe ankakhala bambo anu. Koma mawa njira yomweyo ndi yotsetsereka, ndipo tikutenga Esinati ndi khanda.

Mwala uja ndautenga, uli pansi pa mpando. Inu mukuti bwanji, mdzukulu wanga wa masiku asanu ndimukweze galimoto yodalira mwala?